Thiraki imodzi, magalimoto oposa 12,000: ndani alipire msewu?

Amalume anga ali ndi lole imodzi basi, yakalekale moti ikamakwera chitunda onse amene mwakwera mumangokhala chete ngati muli m'tchalitchi. Ndiyo imatsitsa mbatatesi za anthu kuchokera kumapiri a kwa Dambe kupita nazo ku Blantyre, ndipo pobwerera imanyamula feteleza, simenti ndi malata. Ndili Fomu 2, pa tchuthi cha kumapeto kwa Malichi, ndinakwera nawo kuti ndikaone tauni komanso kulondera matumba a mayi anga. Usiku wake kunagwa mvula ija yotsanzika. Tisanafike n'komwe pa Neno boma, matayala akumbuyo analowa m'matope mpaka ekiselo kukhudza pansi.

Tinagona pamenepo masiku awiri. Tinadula nthambi, tinatuta miyala, anyamata a m'mudzi wapafupi anabwera ndi makasu, koma lole inkangolira n'kumadzikumbira manda. Pofika ku msika, mbatatesi za pansi zinali zitayamba kununkha, ndipo mavenda anatigula motchipa momvetsa chisoni. Teremu yotsatira fizi yanga inachedwa.

Usiku wachiwiri, tili kuotha moto pambali pa msewu, amalume anandifunsa funso limene lakhala likundisautsa mpaka lero. "Mphwanga, iwe ukuti ukuphunzira sayansi. Lita iliyonse ya dizilo imene ndimagula, amandidula msonkho wa msewu. Tandiuza, msewu wakewo ndi uno?"

Ndinalibe yankho. Pano ndili nalo, koma mbali ina ya yankholi amalume sakondwa nayo.

Ndalama yobisika mu lita

Mukaona mtengo wa petulo kapena dizilo pa filing'i sitesheni, musaganize kuti wonsewo ndi wa mafuta okha. M'kati mwake muli mtengo wogulira mafutawo kunja, mtengo wowanyamulira kuchokera ku madoko a Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, phindu la ogulitsa, ndiponso timisonkho tingapo. Umodzi mwa iyo ndi msonkho wokonzera misewu. Amene amawerengera ndi kulengeza mitengoyi ndi bungwe la MERA. Ndalama ya misewu imayenera kupita ku Roads Fund Administration, bungwe limene ntchito yake ndi kusunga thumbalo, ndipo Roads Authority ndiyo imayang'anira ntchito yeniyeni pa misewu ikuluikulu. Mabungwe awiriwa anabadwa ndi malamulo a mu 2006, pamene boma linagawa pawiri bungwe lakale la National Roads Authority, kuti wosunga ndalama asakhalenso yemweyo wopereka makontirakiti.

Ganizo lake ndi losavuta: woyenda kwambiri amagula mafuta ambiri, ndiye amalipira zambiri. Palibe wotolera msonkho woima pa msewu, palibe lisiti yoti itayike. Poyamba ndinkaona ngati palibe chilungamo choposa pamenepa. Physics ndiyo inandisokoneza.

Tengani waya, muupinde pang'ono n'kuuwongola, mubwereze. Mukhoza kutero mpaka dzanja kutopa, waya osaduka. Tsopano muupinde kwambiri. Kasanu, kakhumi, thyo! Msewu wa phula nawo umatero. Tayala likamadutsa, msewu umabonyera pansi pang'ono kwambiri, mwina osafika milimita imodzi, kenako n'kubwerera. Maso sangaone. Koma kupindika kulikonse kumasiya kabala kakang'ono m'kati, ndipo timabalati tikachuluka timasanduka ming'alu ija yooneka ngati khungu la ng'ona.

Funso ndi lakuti, katundu akalemera kawiri, kodi bala limakulanso kawiri? Pakati pa 1958 ndi 1960, akatswiri a misewu ku America anafuna kudziwa zenizeni. Pafupi ndi tauni ya Ottawa m'chigawo cha Illinois anamanga misewu yozungulira, ina yochindikala ina yopyapyala, n'kutenga asilikali kuti aziyendetsa matiraki olemera mosiyanasiyana, usana ndi usiku, kwa zaka ziwiri. Tangoganizani ntchito yotopetsa chotere, kumangozungulira malo amodzimodzi osafika kulikonse! Kafukufukuyu amadziwika ndi dzina loti AASHO Road Test, ndipo zimene anapeza mainjiniya akuzigwiritsabe ntchito, kuno kwathu komwe.

Anapeza kuti chimene chimapha msewu si kulemera kwa galimoto yonse ayi, koma kulemera kumene ekiselo iliyonse yasenza. Ekiselo ndi chitsulo chija cholumikiza matayala a kumanzere ndi a kumanja. Ndipo kuwonongeka sikukula mofanana ndi kulemerako. Kumakula motsatira power 4, ija mumaphunzira mu ma indices. Kulemera kukawirikiza kawiri, kuwonongeka ndi 2 × 2 × 2 × 2, ndiye kuti ka 16. Kukawirikiza kakhumi, ndi 10 × 10 × 10 × 10, ka 10,000.

Tiyeni tiwerengere limodzi, tengani bolopeni. Tiyerekeze galimoto yaing'ono yolemera matani 2, tani imodzi pa ekiselo iliyonse. Ekiselo iliyonse tiipatse 1⁴, ndiye galimoto yonse yapeza mapointi 2. Tsopano thiraki yaikulu ija imachokera ku Mwanza, ya ma ekiselo 6, iliyonse itasenza matani 8. Apa 8⁴ ndi 4,096, kuchulukitsa ndi 6 tipeza 24,576. Gawani ndi 2. Yankho ndi 12,288. Thiraki imodzi ikadutsa pa Zalewa kamodzi, msewu umamva ngati padutsa magalimoto aang'ono oposa 12,000. Nthawi yoyamba imene ndinawerengera zimenezi ndinabwereza katatu, kuganiza kuti kakyuleta yafa.

Nanga mafuta? Thiraki yodzaza imamwa pafupifupi lita imodzi pa makilomita awiri kapena atatu. Galimoto yaing'ono, lita yomweyo imayenda nayo makilomita oposa khumi. Choncho pa mtunda wofanana, thiraki imalipira msonkho wa msewu mwina kasanu kapena kasanu n'kamodzi kuposa galimoto yaing'ono. Kasanu mbali ino, ka 12,000 mbali inayo. Mwaona pamene pagona nkhani?

Ndisakunamizeni, power 4 si lamulo lolimba ngati la Newton. Ndi chiyerekezo chochokera ku zoyesa, ndipo nambalayo imasinthako malinga ndi mtundu wa msewu, dothi la pansi ndi nyengo. Ma ekiselo oyandikana amagawana katundu mwanjira ina, osati ndendende monga tawerengera. Komanso si kuwonongeka konse kumene kumadza ndi katundu. Dzuwa la ku Lisungwi limafewetsa phula masana, ndipo pakapita zaka limaliumitsa mpaka kusweka, ngakhale pasadutse thiraki. Madzi osefukira ngati a namondwe Freddy mu Malichi 2023 safunsa kuti wadutsa ndani. Ndiye palibe munthu wanzeru amene anganene kuti thiraki izilipira ka 12,000. Komabe ngakhale mutachotsera zonsezi, kusiyana kumatsalabe kwakukulu, ndipo msonkho wa mu lita pawokha sungakutseke.

Masamu omwewa ali ndi uthenga wabwino kwa eni matiraki. Matani 24 pa ma ekiselo awiri ndi matani 12 iliyonse: 2 × 12⁴ = 41,472. Matani omwewo pa ma ekiselo atatu ndi matani 8 iliyonse: 3 × 8⁴ = 12,288. Katundu yemweyo, kuwononga kwatsika kuposa katatu chifukwa chongowonjezera ekiselo imodzi. N'chifukwa chake pa sikelo ya magalimoto, monga ya pa chipata cha Mwanza, amayeza ekiselo iliyonse payokha. M'maiko a m'chigawo chino malire amene ambiri anagwirizana ndi matani 10 pa ekiselo imodzi ya matayala anayi, ndi matani 56 pa thiraki yonse. Wina akati "ndangowonjezera pang'ono", kuchoka pa matani 10 kufika 12, werengani 1.2⁴. Mupeza 2.07. Kapang'ono kajako kawirikiza kawiri kuwononga.

Akapita kukagogoda kwa akuluakulu

Boma likafuna kuwonjezera ndalama ya misewu, oyamba kuimirira amakhala onyamula katundu ndi anthu. Si kuno kokha. Ku Australia, kumene matiraki amalipira ndalama ya msewu pa lita iliyonse ya dizilo, mabungwe awo amakhalira kupempha nduna kuti kukwezako kudikire chaka china. Kuno kwathu tinazionera pa ma toll gate. Chipata cha Chingeni pa msewu wa M1 chinayamba kulipiritsa mu Novembala 2021, galimoto yaing'ono K1,700, minibasi K3,400. Kunali phokoso. Eni maminibasi, madalaivala ndi onyamula katundu anadandaula kuti mitengoyi iwapha, ndipo mu Januwale 2022, nthawi imene chipata cha Kalinyeke ku Dedza chinkayamba ntchito, boma linatsitsa: galimoto yaing'ono K1,000, minibasi K2,000. Mtengo wokwera kuposa yonse, wa katundu wamkulu mosazolowereka, unali K20,000. Kuyerekeza ndi galimoto yaing'ono, ndi ka 20 kokha.

Musafulumire kuwatenga eni matiraki ngati afiti. Ndakhala nawo amalume akuwerengera ndalama pa chikuto cha kope, ndipo ndinaona kuti phindu lawo ndi lopyapyala ngati lezala. Matayala ndi zipangizo zonse zimachokera kunja, ndipo kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene amapita ku Beira amalipiranso pa malire ndi pa zipata za ku Mozambique. Dziko lathu lilibe doko, choncho feteleza, mchere, mankhwala ndi mafuta omwe zimabwera pa matayala. Mwini thiraki akalipira zambiri, mawa thumba la feteleza lakwera pa Ligowe. Akamanena zimenezi kwa aphungu sakunama.

Chimene chimandivuta ine ndi china. Eni matiraki akuluakulu ndi ochepa, amadziwana, ali ndi mabungwe monga Road Transport Operators Association, ndipo akalemba kalata nduna imawerenga. Madalaivala akaimika matiraki masiku atatu, mafuta amasowa m'tauni ndipo dziko lonse limamva. Nanga mayi anga ndi anzawo olima mbatatesi kwa Dambe, kapena ogulitsa manachesi m'mbali mwa msewu? Ndi ambiri kuposa eni matiraki, ndipo msewu ukafa amaluza kwambiri, koma aliyense amaluza payekha, m'mudzi mwake, pa tsiku lake. Wandale akaika mawu awiriwa pa sikelo, olemera ndi amene afika pa ofesi atavala jekete.

Ndipo mawu amene wandale amawakonda si "ayi". Ndi "tidikire kaye". Palibe amene amakwiya ndi kudikira, chifukwa bilu yake imabwera mochedwa, nthawi zina wina atakhala kale pa mpando.

Tinaziona ndi mtengo wa mafuta womwe. Mu Novembala 2023 dizilo inafika pa K2,734 pa lita, petulo K2,530, ndipo mitengoyi inakhala osasuntha kwa zaka pafupifupi ziwiri, mpaka Okutobala 2025, chisankho cha pa 16 Seputembala chitadutsa, pamene dizilo inakwera kufika K3,500. Pa nthawiyo mtengo wogulira mafuta kunja unali wokwera kuposa umene unawerengedwa mu mtengo wa pa pampu. Makampani oitanitsa mafuta, pofuna kutseka dzenjelo, sankapereka mokwanira misonkho ija, ndipo a Roads Fund Administration anadandaula poyera kuti ndalama zankhaninkhani za misewu sizikuwafika. Woyendetsa galimoto ankaona ngati wapulumuka. Amene ankalipira mwakachetechete ndi msewu.

Msewu sudziwa kudikira

Phula limene mumaliona pamwamba ndi lopyapyala, pa misewu yathu yambiri masentimita ochepa chabe. Mphamvu ya msewu ili pansi, m'miyala ndi dothi losindikizidwa bwino. Ntchito yaikulu ya phula ndi ya denga: kuti pansipo pasanyowe. Amene munakhalapo m'nyumba ya zidina zosawotcha mukudziwa zimene zimachitika udzu ukayamba kudontha. Chaka choyamba mungofunika mitolo iwiri ya udzu. Mukati tidikire, chaka chachitatu mukuumba zidina zatsopano.

Mng'alu ukatseguka, madzi amalowa. Dothi lonyowa limataya mphamvu, monga mmene chigulumwa cholimba chimasungunukira mukachiviika m'madzi. Tayala lolemera likaponda, madzi a pansi aja amafinyidwa n'kutuluka mwamphamvu pa mng'alu, atatenga tidothi tosalala. Pansi pamatsala mphako. Thiraki yotsatira imaswa denga la mphakoyo, ndipo dzenje labadwa. Dzenjelo limasunga madzi ambiri, tayala likagweramo limamenya m'mphepete ngati hamala, dzenje n'kumakula. Kumata mng'alu kumafuna phula pang'ono ndi anthu ochepa. Kumanganso msewu kumafuna kukumba zonse kuyambira pansi. Kuchedwetsa ndalama ya msewu si kusunga ndalama ayi, ndi katapila.

Ndipo woyamba kubweza katapilayo ndi mwini thiraki yemwe uja. Masipuling'i othyoka, matayala ophulika, dizilo wochuluka chifukwa choyenda pa giya yaing'ono, ulendo wa tsiku limodzi kusanduka wa masiku awiri. Ndalama imene anakana kupereka pa chipata amakaipereka kwa makaniko.

Nanga ife a ku Neno?

Apa ndiye pamene funso la amalume limaluma. Neno inakhala boma palokha itachoka ku Mwanza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo kwa zaka zambiri yakhala ikutchulidwa ngati boma limene likulu lake silinalumikizidwe ndi phula. Msewu wa Tsangano–Neno–Mwanza walonjezedwa pa misonkhano yosawerengeka, ntchito yakhala ikuyamba, kuima, kuyambanso, ndipo nthawi ina inaperekedwa kwa mainjiniya a asilikali a MDF. Chodabwitsa n'chakuti boma lomweli lili ndi mphambano imodzi yotanganidwa kwambiri m'dziko muno. Pa Zalewa ndi pamene msewu wa M6 wochokera ku Mwanza ndi Tete umakumana ndi M1. Matiraki a maiko osiyanasiyana amadutsa m'boma lathu tsiku ndi tsiku, koma kumunsi kokha. Kumtunda kumene kumachokera mbatatesi ndi tirigu kumatsala fumbi m'chilimwe, matope m'dzinja.

Kunena zoona, msonkho wa mu lita cholinga chake chachikulu ndi kusamala misewu imene ilipo kale. Msewu watsopano wa phula nthawi zambiri umadalira bajeti ya boma kapena ngongole ndi thandizo lakunja. Koma ziwirizi n'zolumikizana. M1 ikaonongeka msanga chifukwa chosakonzedwa pa nthawi yake, ndalama zimene zikanabwera kumtunda zimathera kokonza zakale. Komanso kupala msewu wa dothi ndi giredala, kuthira miyala ndi kutsegula ngalande mvula isanayambe, imeneyo ndi ntchito ya thumba lomwelo. Thumba likauma, misewu ya kumudzi ndiyo imayamba kuiwalika.

Pali china chimene anthu sachiganizira. Wa chigayo cha dizilo m'mudzi mwathu amalipira msonkho wa msewu pa lita iliyonse, chonsecho chigayo chake sichinayendepo ngakhale mita imodzi. Ndalamayo amaitenga kwa agogo anu akamakagayitsa. Wa kabaza ya njinga yamoto, imene kulemera kwake msewu suumva n'komwe, nayenso amalipira. Dziko la New Zealand linaona vuto limeneli kalekale. Kuyambira 1978, kumeneko ndalama ya msewu saiika mu dizilo. Galimoto ya dizilo imagula chiphaso cha makilomita, mtengo wake motengera kulemera ndi kuchuluka kwa ma ekiselo, ndipo matiraki amakhala ndi kachipangizo pa gudumu kowerenga mtunda. Germany nayo inayamba kulipiritsa matiraki pa kilomita mu 2005. Sindikunena kuti tingokopera, poti njira zoterezi zimafuna zipangizo ndi anthu okhulupirika ozilondoloza. Koma zikuonetsa kuti power 4 ikhoza kulowa m'lamulo.

Tilinso ndi chitsanzo pakhomo pomwe. Malasha a ku Moatize amadutsa m'boma la Neno pa njanji, kulowera ku Nkaya mpaka ku doko la Nacala. Sitima imodzi imanyamula katundu amene akanafuna matiraki ochuluka zedi. Mukadzaiona ikudutsa, muwerenge mabogi, kenako muyerekeze malasha onsewo ali pa M6.

Tsiku lina ndinakhala pansi ndi amalume n'kuwaonetsa masamu onsewa. Anamvetsera bwinobwino, akugwedeza mutu pamene ndinkanena za matiraki akuluakulu a ku Beira. Kenako ndinawafunsa kuti pa ulendo uja tinatitimira, lole inanyamula matumba angati. Anayang'ana kumbali. Tonse tinkadziwa kuti ekiselo yakumbuyo inasenza mopitirira, chifukwa mlimi aliyense ankachonderera kuti thumba lake lisatsale, ndipo mayi anga anali m'gulu la ochondererawo. Ndinawauza kuti ekiselo yoyenera matani 10 ikasenza 14, pa phula imawononga pafupifupi kanayi, poti 1.4⁴ ndi 3.84. Pa msewu wa dothi lonyowa nambala yeniyeni ndi ina, koma mizere imene tinasiya pamalo paja inakhala ngalande ya madzi mpaka chaka chotsatira.

"Ndiye ukuti msewu ndinaononga ndine?"

"Ayi amalume, sindikutero. Ndikuti inu ndi mvula munathandizana."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anati akanakhala ndi msewu wabwino akanapanga maulendo awiri opepuka pa tsiku m'malo mwa umodzi wolemera, ndipo sakanadandaula kulipira pa chipata, bola aone ndi maso giredala ikugwira ntchito mvula isanagwe. Pamenepo sindinawatsutse.

Amene mumaphunzira kufupi ndi Zalewa, kapena mudzadutsepo pa tchuthi, ndikupatseni ntchito. Khalani patali ndi msewu, pamalo otetezeka, kwa mphindi 30. Lembani galimoto iliyonse yodutsa ndi ma ekiselo ake. Yaing'ono muipatse tani imodzi pa ekiselo, minibasi matani 1.5, thiraki yodzaza matani 8, yopanda katundu matani 3. Kwezani nambala iliyonse ku power 4, muphatikize, kenako muone gawo la matiraki pa zonsezo. Mukatero muyang'ane phula la mbali yochokera ku Mwanza ndi la mbali yopita ku Mwanza, muone ngati mizere ya matayala yazama mofanana, ndipo mundiuze chifukwa chake.